Oyilo Wobisala mu Injini ya Ndege

Pa 25 July 1909, Louis Blériot anawoloka nyanja ya English Channel pa ndege. Ananyamuka pafupi ndi Calais ku France ndipo anakatera ku Dover ku England pasanathe mphindi 40. Injini yake inali ya masilinda atatu okha, ya mphamvu ya 25 horsepower. Anaipanga ndi Alessandro Anzani, Mtaliyana amene ankapanganso injini za njinga zamoto. Masilindawo anaikidwa ngati zala zitatu zotambasula. Pambuyo pake Anzani anawatalikitsa mofanana kuti akhale mozungulira crankshaft ngati masipoko a njinga. Injini yotere imatchedwa radial.

Opanga ndege zing'onozing'ono anaikonda chifukwa imazizira ndi mphepo. Siifuna radiator, mapaipi kapena madzi, choncho imapepuka ndipo zinthu zoti zingawonongeke zimachepa. M'zaka za m'ma 1920, ku America kunatuluka Kinner K-5 ya masilinda asanu ndi Warner Scarab ya masilinda 7. Tikaonetsetsa, manambalawa ndi 3, 5 ndi 7. Si mwangozi ayi. Masilinda amaphulika modumphana, mwachitsanzo 1, 3, 5, 2, 4, ndipo kudumphana kumeneku kumayenda bwino pamene chiwerengero sichigawika pawiri.

Koma injiniyi ili ndi vuto limene tiyenera kuliganizira. Masilinda ena amakhala chadodolido, mutu uli pansi. Ndege ikaima kwa maola angapo, oyilo amatsika pang'onopang'ono n'kukadikha m'masilinda a pansiwo. Mpweya umapanikizika, koma oyilo sapanikizika. Munthu akangoliza injini, pisitoni imagunda oyilo uja, ndipo chitsulo cholumikiza pisitoni chimatha kupindika. Nthawi zina injini imalira bwinobwino, chitsulocho n'kudzathyoka ndege ili kale m'mwamba.

N'chifukwa chake woyendetsa wosamala, injini ili chizimire, amayamba wazunguza pulopela ndi manja kangapo. Ikalimba, sakakamiza. Amamasula pulagi ya silinda ya pansi kuti oyilo atuluke, kenako n'kuliza injini.

Ifenso timadzuka m'mawa tili ndi zimene zadikha mumtima usiku wonse: mkwiyo pa mnzathu wogona naye chipinda chimodzi, nkhawa ya fizi, tchimo limene sitinalape. Tikathamangira m'kalasi osapemphera, timaoneka ngati tili bwino, koma mawu amodzi a mnzathu amatha kutithyola masana. Mapemphero a m'mawa, ndiponso kukonzekera kwathu Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndiyo nthawi yozunguza pulopela. Tikamva polimba, tiime, tiuze Mulungu, ndipo ngati pali amene tinamulakwira tikamupepese.

Mafunso okambirana:
1. N'chifukwa chiyani kukakamiza pulopela yolimba n'koopsa kuposa kuchedwa kunyamuka?
2. Kodi ndi chiyani chimene chadikha mumtima mwathu sabata ino, chimene tiyenera kuchotsa Sabata lisanalowe?