Airbag: Thumba Lopulumutsa Limene Lingathenso Kuvulaza

Mukakwera galimoto ya masiku ano, yang'anani pakati pa chiwongolero. Nthawi zambiri pamalembedwa kuti SRS Airbag. Mawu omwewa mungawapezenso pa dashibodi, kutsogolo kwa munthu wokhala pambali pa dalaivala. M'kati mwa malo amenewa anabisamo thumba la nsalu yolimba, lopindapinda. Thumba limeneli ndiye airbag.

Galimoto ikawomba chinthu mwamphamvu, timakina tina timamva kuti yaima mwadzidzidzi. Timatumiza magetsi ku kachitini kachitsulo komwe muli mankhwala. Mankhwalawo amapsa n'kutulutsa mpweya wambiri. Thumba lija limang'amba chivundikiro n'kufufuma munthu asanaphethire, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Kenako mpweya umatulukira m'timabowo, thumba n'kuphwa. Fumbi loyera limene limatsala m'galimoto si chizindikiro cha moto.

Thumbali analipanga kuti munthu azigwerapo litafufuma kale. Ngati mwamanga lamba ndipo mwatsamira pampando, mutu ndi chifuwa zimafikira pofewa m'malo mwa chitsulo kapena galasi. Anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha zimenezi. Koma amene wayandikira kwambiri amakumana nalo likungotuluka kumene, ndipo limamumenya ngati chibakera. Likhoza kuthyola nthiti, mphuno kapena mkono, kuwononga maso, ngakhale kupha kumene. N'chifukwa chake dalaivala ayenera kusiya mpata wa masentimita 25 pakati pa chifuwa ndi chiwongolero. Wokhala pambali asaike mapazi pa dashibodi, chifukwa mawondo ake angakankhidwire kumaso.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi cha ana. Tsiku ndi tsiku timaona mayi atakhala kutsogolo, khanda lili pamiyendo, atalikumbatira mwachikondi. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, manja a mayi sangaligwire. Mwana amapita kutsogolo, kamutu kake n'kufika pa dashibodi, pamalo enieni pamene thumba limatulukira. Khosi la mwana ndi lanthete, silingapirire. Mwana wosakwana zaka 13 akhale kumbuyo, atamangidwa lamba kapena ali pa kampando ka ana, ngakhale alire chotani, ngakhale ulendo ukhale wongofika pamsika.

Pali vuto linanso. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takata inkaika mankhwala a ammonium nitrate m'tizitini tija. Pakapita zaka, kutentha ndi chinyontho zimawononga mankhwalawa. Pa ngozi kachitini kakhoza kuphulika, zidutswa zachitsulo n'kulasa munthu kumaso ndi pakhosi. Anthu afa nazo m'mayiko angapo. Makampani monga Honda, Toyota ndi Nissan anaitanitsa galimoto mamiliyoni ambiri kuti akasinthe zipangizozi, ndipo mu 2017 Takata inagwa. Ife kuno timagula galimoto zakale zochokera ku Japan, ndipo zina zimakayenda kotentha ngati ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Ngati muli ndi galimoto yotere, tengani nambala ya chasisi mupite nayo kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo, akuuzeni ngati inasinthidwa.

Mukaliza galimoto, kanyale ka airbag kamayaka kwa timasekondi tochepa n'kuzima. Kakapitiriza kuyaka, kapena kakapanda kuyaka n'komwe, pitani kwa makaniko wodziwa zamagetsi. Musayese kutsegula chiwongolero nokha, chifukwa thumbalo lingakuphulikireni m'manja.