Bulu wokoka ngolo: samalani ziboda, mafupa ndi mfundo zake

Alimi ambiri, makamaka m'chigawo chapakati, akudalira abulu pokoka ngolo. Bulu amapirira chilala, sadya zambiri ngati ng'ombe, ndipo akasamalidwa amatha kupitirira zaka 25. Koma ali ndi khalidwe lomwe limapusitsa eni ake: amabisa ululu. Kavalo, m'bale wake, akapweteka aliyense amaona. Bulu amangozyolika n'kumayenda monyinyirika, mwini wake n'kuganiza kuti ndi ulesi, chikwapu n'kumutsata. Kawirikawiri ulesi umenewo ndi mwendo womwe ukuwawa.

Kupeza mwendo wodwala

Bulu ndi kavalo amaponda ndi chala chimodzi pa mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chalacho. Miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 6 mwa 10 a kulemera kwa thupi, n'chifukwa chake kutsimphina kochuluka kumayambira kutsogolo, pansi m'chiboda.

M'mawa musanamange ngolo, wina amuyendetse pamalo olimba inu mukuyang'ana mutu. Mwendo wakutsogolo wowawa ukaponda, mutu umakwera; wabwino ukaponda, mutu umatsika. Mukaudziwa mwendowo, upapaseni kuyambira pamwamba mpaka pansi, mukuyerekeza ndi unzake: pali potentha, potupa kapena pomwe akuthawitsa? Kenaka tukulani chiboda, chotsani matope ndi timiyala, ndipo mununkhize. Fungo lowola ndi zakuda zonyowa m'mphako za chiboda zikusonyeza kuti khola lanu ndi lamatope. Ziboda za bulu zinazolowera nthaka youma ndipo zimamwa madzi msanga, choncho nyengo yamvula ndiyo imamuvuta kwambiri.

Bulu akatsimphina mwadzidzidzi mpaka kukana kuponda, osachita ngozi, ganizani msanga za mafinya m'chiboda. Mlangizi wa ziweto akatsegula pamalopo, viikani chibodacho m'madzi ofunda amchere kwa mphindi 15, kawiri pa tsiku, n'kumanga ndi nsalu yoyera. Ngati anaponda msomali, kumbukirani pomwe unalowa ndi kutalika kwake, ndipo alandire jakisoni wa kafumbata. Matendawa amapha abulu ndi akavalo mosavuta.

Madeya okhaokha amafewetsa mafupa

Apa ndi pomwe alimi achikondi amalakwitsa. Pofuna kuti bulu akhale ndi mphamvu, amamuthirira madeya tsiku ndi tsiku. Madeya ali ndi mchere wa phosphorus wambiri koma calcium, womwe umalimbitsa mafupa, ndi wochepa. Thupi likausowa m'chakudya limakautapa m'mafupa. Pakapita miyezi mafupa a kumaso amatupa mbali zonse ziwiri za mphuno, mano amagwedera, ndipo bulu amatsimphina lero mwendo uwu, mawa winawo. Mafupa otere amathyoka ndi kachinthu kakang'ono. Udzu wa kikuyu ndi setaria nawonso umatchinga calcium kulowa m'thupi ngati bulu akudya wokhawo.

Chepetsani madeya, onjezerani masangwi a mtedza kapena a nyemba ouma bwino, opanda chuku, ndipo mufunse mlangizi muyeso wa laimu wa ziweto wosakaniza m'chakudya. Laimu womangira nyumba ayi, amawotcha m'kamwa. Bulu wotupa kumaso apume kwa miyezi ingapo.

Chimanga chili ndi vuto lakelake. Bulu akathyola nkhokwe n'kukhuta, ziboda zimatentha ndi kutupa mkati, ndipo amaima atatambasulira miyendo yakutsogolo, thupi litatsamira kumbuyo. Musamuyendetse. Muimikeni m'madzi ozizira, agone pamchenga, ndipo itanani dokotala tsiku lomwelo, chifukwa kafupa ka m'chiboda kamatha kupendekeka osabwereranso.

Mfundo

Nyamakazi imagwira abulu okalamba ndi omwe anayamba ntchito ali aang'ono. Mudzaona kuuma miyendo m'mawa, kumasukako akayenda pang'ono, ndi chotupa cholimba ngati fupa pamwamba pa chiboda kapena pa mfundo yaikulu ya mwendo wakumbuyo. Siyichizika, koma bulu angathe kugwirabe ntchito yopepuka. Dokotala amapinda mfundoyo kwa mphindi imodzi n'kumuthamangitsa pang'ono, amatha kubaya mankhwala ochititsa dzanzi kuti apeze powawa penipeni, ndipo pomwe makina alipo amajambula X-ray. Mankhwala odziwika ochepetsa ululu ndi phenylbutazone. Musagule n'kumwetsa nokha: muyeso wa bulu ndi wosiyana ndi wa kavalo, ndipo ukachuluka umayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Bala la pamfundo lomwe likutuluka madzi achikasu onanda ndi loopsa ngakhale likhale laling'ono ngati khobidi. Tizilombo tikalowa, mfundo imawonongeka m'masiku ochepa. Kwa ana a abulu tizilomboti timalowera pamchombo, choncho pakani ayodini akangobadwa ndipo ayamwe mkaka woyamba m'maola oyambirira.

Oyilo wakuda wa injini, asidi wa batire ndi chitsulo chamoto sizichiza chilichonse. Zimangowonjezera bala pa bala.

Musanagule, musanamange

Yang'anani mano. Awiri apakati akutsogolo amasintha bulu ali ndi zaka pafupifupi 3, ndipo a m'mphepete akafika zaka 5. Wosakwana zaka 3 asakoke ngolo, ndipo katundu wolemera adikire zaka 4. Goli la ng'ombe silimuyenera chifukwa alibe linunda. Amakoka ndi chifuwa, choncho mumangireni lamba wotambalala wofewa. Potsika mtunda kapena pamsewu wa tala, ayende, asathamange. Ziboda zisengedwe pakatha masabata 6 mpaka 10, khola likhale louma.

Bulu amene wasiya kudya, kapena watsimphina masiku awiri osasintha, musamudikirire. Kauzeni mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu.