Kupeza Malo pa Mapu ndi Mizere Yopingasana

M'dziko la Thyolo muli minda yaikulu ya tiyi, monga wa Satemwa umene unayamba m'chaka cha 1923. Mitengo ya tiyi imafanana yonse, ndipo tinjira take n'tambiri, kotero kuti mlendo angathe kusokera dzuwa likuswa mtengo. Koma wodziwa mapu sasokera, pakuti mapiri amamuuza pamene waima.

Munthuyo ayambe wayala mapu ake pamalo osalala, nawatembenuza kufikira kumpoto kwa mapu kutalozana ndi singano ya kampasi. Singanoyo imapatuka pang'ono. Kukula kwa kupatukako kumalembedwa m'mphepete mwa mapu. Atatero asankhe mapiri awiri amene akuwaona ndi maso, amenenso alembedwa pa mapupo. Kum'mawa kuli Mulanje, ndi nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Kumpoto kuli Chiradzulu.

Tsono aike rula pa chizindikiro cha Sapitwa, nailozetse ku phiri lenilenilo, osasuntha mapu, ndipo alembe mzere wobwerera kwa iye mwini. Iye ali penapake pa mzere umenewo, koma mzere umodzi sunena ngati ali pafupi kapena patali. Chifukwa chake achitenso chimodzimodzi ndi Chiradzulu. Pamene mizere iwiriyo yapingasana, monga njira pa mphambano, pomwepo ndi pamene iye ali.

Wodziwa kuwerenga madigiri amachita ndi masamu. Phiri likaoneka pa madigiri 75, awonjezere 180, ndipo 255 ndiyo njira yochokera kuphiriko kufika kwa iye. Nambala ikapitirira 180, achotse 180.

Nzeru yomweyi ithandiza kupeza chinthu chakutali. M'nyengo ya chilimwe moto ukabuka m'nkhalango ya bulugamu, imene imapatsa fakitale nkhuni zoumitsira tiyi, mlonda mmodzi sangadziwe bwino kutalika kwa pamene pakufuka utsi. Koma alonda awiri, ataima pa zitunda ziwiri zodziwika pa mapu, yense akanena kumene akuuona, kapitawo amalemba mizere iwiri, natumiza anthu pamene yakomana, moto usanakule.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Mapiriwo asakhale mbali imodzi, pakuti mizere yake idzakomana mopendekeka, ndipo kulakwa kwakung'ono kudzasanduka mtunda wautali. Kampasi isayandikire khasu kapena chikwanje, chifukwa chitsulo chimakopa singano. Ndipo wanzeru amalemba mzere wachitatu, monga wa phiri la Thyolo, kuti uchitire umboni iwiri ija. Chiperoni chikaphimba mapiri, adikire mpaka kutayera.

Mafunso

1. Chifukwa ninji mzere umodzi sukwanira?
2. Phiri likaoneka pa madigiri 200, mzere wobwerera ukhala pa madigiri angati?
3. Tchulani mapiri awiri ooneka pa sukulu yanu.