MALUWA A USIKU NDI COFUNDA CA ZIGAMBA

Dziko la Mfumu Kakumbi liri m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, kum'mawa kwa Zambia. Eni dziko ndiwo Akunda, ndipo mafumu ao akulu ndi awa: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Tsidya lija la mtsinje wa Luangwa kuli nkhalango ya nyama yochedwa South Luangwa National Park, imene boma linaikhazika kukhala paki m'caka ca 1972. Mtsinjewo suletsa nyama kuoloka, makamaka madzi akacepa. Cifukwa cace munthu wolima ndiwo kwa Kakumbi ayenera kudziwa zocitika usiku monga momwe adziwira zocitika usana.

Pamudzi wina wa kumeneko panali mai wokalamba amene anali kukhala ndi mdzukulu wace wamkazi, mwana wa sukulu. Kuseri kwa nyumba yao, pafupi ndi citsime, kunali kadimba kochingidwa ndi mpanda wa udzu. M'menemo anali kulima therere, matimati ndi maungu pa nyengo ya mvula, ndipo mvula ikatha anali kubzala repu, mpiru ndi anyezi. M'mbali mwa mpanda munali mitengo ya mapapaya, ndipo mphonda zinali kuyanga pa mpandapo.

Tsiku lina m'mwezi wa February mtsikanayo anatenga cikwanje nalowa m'dimba. Anati, "Ambuya, mphonda zathu zadwala. Tsiku liri lonse ndikabwera ku sukulu ndipeza maluwa ace ali ofota. Nayenso papaya uyu wa pangodya angodya manyowa cabe, cibzalire sanabalepo. Ndiloleni ndimdule."

Ambuyawo anayankha nati, "Ika cikwanje pansi, mdzukulu wanga. Mlandu sauweruza mboni zisanafike. Mboni za zomera izi zifika dzuwa likalowa."

Madzulo ace awiriwo anayala mphasa pafupi ndi mpanda nakhala cete. Dzuwa litapendeka ndithu, maluwa atsopano a mphonda anayamba kutseguka, oyera mbee ngati ufa woyera. Kamdima katagwa, kunamveka fungo lokoma locokera ku papaya wosabala uja. Posacedwa kunafika agulugufe a usiku, a matupi onenepa ndi mapiko othwa. Iwo anali kuima m'malere patsogolo pa duwa, nalowetsamo lilime lalitali lopyapyala ngati ulusi, kenaka naulukira ku duwa lina. Mtsikana uja anangoti kukamwa yasa.

Anchito a usiku

Duwa silibala cipatso popanda mungu, ndiwo ufa wosalala umene upezeka m'duwa lalimuna. Mungu uyenera kucoka m'duwa lalimuna ndi kufika m'duwa lalikazi, koma ulibe miyendo kapena mapiko. Cotero comera cimaika timadzi totsekemera m'kati mwa duwa kuti tikope tizirombo touluka. Pamene kacirombo kakumwa timadzito, mungu umamatirira pa thupi lace, ndipo kamapita nao ku duwa lina.

Maluwa a maungu ndi acikasu, ndipo atseguka mbandakuca, pakuti anchito ace ndi njuci. Maluwa a mphonda ndi oyera, ndipo atseguka madzulo, pakuti anchito ace ndi agulugufe a usiku. Cinthu coyera cioneka bwino mumdima kuposa cofiira kapena cobiriwira, ndipo fungo limveka patali mphepo ikazizira. Duwa la mphonda likagwira nchito yace usiku umodzi, m'mawa mwace limafota. Ndico cifukwa cace mtsikana uja anali kupeza ofota okhaokha masana.

Pa mphonda imodzi pamakhala maluwa a mitundu iwiri. Lalikazi lidziwika ndi kamphonda kakang'ono kotupa kunsi kwace. Lalimuna liribe kanthu kunsi, koma phesi lalitali lokha. Ngati agulugufe acepa, timphonda timafota ndi kugwa tisanakule. Pamenepo mlimi angathe kuthandiza yekha. Madzulo athyole duwa lalimuna longotseguka kumene, acotse masamba ace oyera, ndipo akhudzitse mtima wace pa mtima wa duwa lalikazi. Pakapita masiku owerengeka adzaona kamphonda kakukula. Mphonda zanthete ndi cakudya, ndipo zokhwima zikauma zisanduka zikho ndi zipanda.

Mapapaya ambiri a m'midzi ali ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi. Waukazi uli ndi maluwa akulu omera pafupi ndi thunthu, ndipo ndiwo ubala. Wamphongo uli ndi timaluwa tambiri tolendewera pa mapesi atali, tonunkhira madzulo. Munthu akadula yaimuna yonse pamudzi, yaikazi idzacita maluwa koma zipatso zidzasowa. Alangizi a zaulimi amati mtengo umodzi wamphongo ukwanira mitengo yaikazi khumi. Yoposa pamenepo angathe kuidula.

Kuthengo nakonso kuli mitengo yocita maluwa usiku. Mvunguti ucita maluwa m'cilimwe, ofiira moderako, olendewera pa zingwe zazitali. Fungo lace silikoma kwa anthu, koma likopa mileme yodya zipatso, imene inyamula mungu pa ubweya wace. Kukaca maluwawo amagwa pansi, ndipo nswala, mbawala ndi anyani amadzatola. Mlambe ucita maluwa mvula ikayandikira. Duwa lace ndi loyera, lalikulu ngati cikhato ca munthu. Litseguka dzuwa likalowa, ndipo tsiku lotsatira lafota kale. Nalonso lidalira mileme. Mwana wolasa mileme ndi legeni acepetsa malambe amene iye mwini akonda.

Pali cinthu cimodzi coopsa kwa anchito onsewa, ndico mankhwala ophera tizirombo. M'cigwa ca Luangwa anthu ambiri alima thonje, ndipo ena amatenga mankhwala a thonje ndi kupopera ndiwo. Kutero n'kulakwa kawiri. Mankhwalawo angadwalitse anthu odya ndiwozo, ndiponso apha njuci ndi agulugufe pamodzi ndi tizirombo toononga.

Kasamalidwe ka dimba

Mvula kwa Kakumbi iyamba ca mu November kapena December, nileka ca mu April. Kucokera pamenepo dimba lidalira dzanja la mwini wace. M'mwezi wa October cigwa cimatentha kufikira madigiri 40, ndipo madzi othira masana amauma mizu isanamwe. Cotero nthawi yabwino yothirira ndi m'mamawa ndi madzulo. Madzi athiridwe patsinde, osati pa masamba.

Dothi lakuda la m'cigwa limamata likanyowa, ndipo limang'ambika likauma. Manyowa owolerana a masamba, zitosi za nkhuku kapena ndowe amalifewetsa. Mbeu zikamera, mlimi ayale udzu wouma pakati pa mizere kuti cinyezi cisathawe msanga ndi kuti udzu wina usamere. Ndiponso asabzale mbeu imodzimodzi pa malo amodzi caka ndi caka. Pamene panali matimati abzalepo nyemba kapena anyezi, pakuti matenda a matimati amatsalira m'dothi kudikira matimati ena.

Cofunda ca zigamba

Dzuwa likafika pamutu, nchito ya m'dimba imaima. Imeneyo ndiyo inali nthawi imene ambuya aja anali kukhala pamthunzi ndi mtanga wao wa zigamba. Ngakhale cigwa citentha, usiku wa June ndi July umazizira ndithu, ndipo bulangeti la kusitolo lifuna ndalama. Koma pakhomo pali ponse pamakhala zitenje zakutha, ndipo atelala amatsala ndi tizidutswa ta nsaru. Zimenezi zikasokedwa pamodzi zipanga cofunda cotentha ndi cokongola.

Cofunda cotere ciri ndi nsaru zitatu zosanjikiza. Pamwamba pali zigamba zolumikiza. Pakati pali bulangeti lakale kapena thonje locotsedwa njere ndi kuyalidwa mofanana. Pansi pali citenje cathunthu. Cimatentha cifukwa mpweya wotsekeredwa pakatipo suloleza kutentha kwa thupi kuthawa.

Wosoka ayambe wacapa zigamba zonse, pakuti nsaru ina imafupika ikanyowa ndipo ina imasuluka. Kenaka adule katoni ka mbali zinai zofanana, masentimita 15 mbali iri yonse, kuti kakhale muyeso wodulira zigamba zonse. Posoka asiye sentimita imodzi m'mphepete monse, cotero cigamba ciri conse cidzatsala masentimita 13. Zigamba 8 zipanga mzere umodzi, ndipo mizere 14 ifuna zigamba 112. Cofundaco cidzakhala masentimita 104 m'mimba mwace ndi masentimita 182 m'litali mwace, cokwanira munthu mmodzi, ndipo citenje ca mamita awiri cikwanira kunsi kwace.

Asanasoke, ndi bwino kuyala zigamba zonse pa mphasa ndi kuona makhalidwe ace, kuti zoyera ndi zakuda zisinthane. Mizere ikalumikizidwa, nsaru zitatu zija aziyale pamodzi popanda makwinya. Tsono asoke ndi singano ndi ulusi wolimba, kuboola zonse zitatu, kuyambira pakati kunka m'mbali. Mizere ya ulusi isatalikirane kuposa cikhato, kuti thonje lisaunjikane malo amodzi pocapa. Potsiriza apinde m'mphepete monse ndi kusoka.

Luso limeneli lipezeka m'maiko ambiri. Ku Bangladesh ndi kum'mawa kwa India akazi amasanjikiza nsaru zao zakale ndi kuzisoka pamodzi, ndipo cofundaco acicha kantha. Nako ku Mfuwe nsaru ziri ndi malonda: kuyambira caka ca 1991 anthu a m'cigwa akhala akulemba ndi kupaka nsaru ndi manja pa Tribal Textiles, ndipo alendo odzaona nyama amagula. Mwana wodziwa kugwira singano ali ndi cuma m'manja mwace.

Mtsikana uja ataona mulu wa zigamba anagwa ulesi nati, "Ambuya, zonsezi zidzatha liti?" Iwo anati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ukasoka ziwiri pa tsiku, pakutha pa masabata asanu ndi atatu zonse zalumikizika." Ndipo zinacitikadi motero.

Mlendo wina wa usiku

Si onse obwera usiku amene ali abwenzi a dimba. Njobvu zimaoloka Luangwa kudzafuna cimanga, maungu, mapapaya ndi mango, ndipo njobvu imodzi ingathe kutha dimba lonse usiku umodzi. Mpanda wa udzu uletsa nkhuku ndi mbuzi, koma kwa njobvu suli kanthu.

Komabe njobvu imamva fungo kwambiri, ndipo idana ndi tsabola. Alimi amasinja tsabola wouma, namsakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto, napaka pa zingwe ndi pa nsanza zomangidwa kuzungulira munda. Ena amasakaniza tsabola ndi ndowe za njobvu, naumba njerwa, naziumika padzuwa. Usiku amazitentha kumene kucokera mphepo kuti utsi wowawa uphimbe munda. Bungwe la Conservation South Luangwa lithandiza alimi a m'cigwa kugwiritsa nchito tsabola pothamangitsa njobvu. Njira zimenezi zithandiza ngati mwini munda sacita ulesi, pakuti mphamvu ya tsabola imatha ndi dzuwa ndi mvula, ndipo ayenera kupakanso kawirikawiri.

Apa ndipo zigamba zotsala zinapeza nchito. Nsanza zimene zinali zofooka kwambiri, zosayenera kulowa m'cofunda, ambuya aja anazipaka tsabola ndi kuzimanga pa cingwe kunja kwa mpanda. Koma anamlangiza mdzukulu wao kolimba nati, "Kuona maluwa ndi kwa madzulo, anthu akali maso. Ukamva mitengo ikuthyoka usiku, usaturuke. Kuthamangitsa njobvu ndi nchito ya akulu ndi ya alonda a nyama, si ya ana iai." Mwana ali yense wa m'cigwa asunge mau amenewa, pakuti njobvu ithamanga koposa munthu, ndipo yokhala ndi mwana ndiyo yoopsa koposa.

Pofika mwezi wa June, zikho zinali kuuma pa denga, mapapaya anali lendelende pa mitengo yaikazi, ndipo papaya wa pangodya uja anali ciimire. Mtsikana uja anali kugona m'cofunda ca zigamba 112 cosoka yekha, ndipo m'mawa muli monse anali kulawirira kukathirira repu asanapite ku sukulu.

Mafunso

1. Cifukwa ninji maluwa ambiri otseguka usiku ali oyera ndi onunkhira?
2. Kodi duwa lalikazi la mphonda lisiyana bwanji ndi lalimuna?
3. Cingacitike n'ciani ngati anthu adula mapapaya onse amphongo pamudzi?
4. Chulani nsaru zitatu za m'cofunda ca zigamba, ndipo fotokozani cifukwa cace cimatentha.
5. Ngati mzere umodzi uli ndi zigamba 10 ndipo mizere iripo 14, zigamba zonse ndi zingati? Nanga cofundaco cidzakhala masentimita angati m'mimba mwace?
6. Kodi mwana ayenera kutani akamva njobvu m'dimba usiku?

Zocita

Pemphani munthu wamkulu kuti akhale nanu pafupi ndi mphonda kapena papaya dzuwa likamalowa. Lembani nthawi imene maluwa atseguka ndi tizirombo timene tafika. M'mawa mukaonenso maluwa omwewo, ndipo mukafotokozere anzanu m'kalasi.

Sonkhanitsani zigamba zinai, muzicape, muzidule ndi muyeso wa katoni, ndipo muzilumikize ziwiriziwiri. Kalasi lonse likaphatikiza zigamba zace, lidzakhala ndi cofunda cimodzi.