Za Kuliza Piyano: Zala ndi Makutu

Ophunzira piyano amafunsana kawirikawiri, nati, Coposa nciti, cangu ca zala kapena kumvetsa nyimbo? Tiyeni tilingalire mau awa pamodzi.

Tiyambe ndi limba lomwelo. Bartolomeo Cristofori anapanga piyano yoyamba m'mudzi wa Florence, ku Italy, ngati caka ca 1700. Malimba ena a masiku aja anali kukodola nsambo, ndipo mau ao sanakule kapena kucepa, ngakhale munthu akhudze mwamphamvu. Koma iye anaikamo tinyundo togogoda nsambo, kuti woliza akhoze kuturutsa mau ofatsa ndi mau akuru monga afuna. Cotero tiona kuti limbali linapangidwira munthu wakumvetsera.

Koma tisapeputse zala ai. Carl Czerny wa ku Vienna, amene anaphunzira kwa Beethoven, naphunzitsa Franz Liszt, analemba maphunziro mazanamazana ozoloweretsa zala, ndipo ana ali kuwalizabe kufikira lero. Pakuti iye amene zala zace zipunthwa afanana ndi mlimi wodziwa nthaka koma wopanda khasu. Cimene cili mumtima mwace sicituruka.

Komanso pali coopsa m'kulondola cangu cokha. Robert Schumann, pokhala mnyamata, anakhumba kuposa anzace, nakakamiza zala zace koposa muyeso. Pofika caka ca 1832 dzanja lace lamanja linali litapweteka, ndipo anataya ciyembekezo ca kuliza pamaso pa makamu. Anatsala ndi nchito ya kupeka nyimbo, ndipo Clara, amene anakhala mkazi wace m'caka ca 1840, ndiye anaziliza kwa anthu.

Frédéric Chopin, pophunzitsa ku Paris, anatsata njira yina. Analangiza ophunzira ace kuti akamvere oimba ndi pakamwa, aone popuma iwo ndi pokweza mau, ndipo pobwera acite comweco pa limba.

Tinene ciani tsono? Zala ndizo anchito, khutu ndilo mwini munda. Zifunika zonse, koma khutu litsogole. Cifukwa cace tikulangizani, inu ophunzira, zinthu zitatu. Musanalize mzere, yambani mwauimba ndi pakamwa. Polowa m'maphunziro a zala, lizani pang'onopang'ono, ndi kumvetsera liu liri lonse ngati lamveka bwino. Ndipo dzanja likayamba kuwawa, lekani, mupumule. Nyimboyo mudzaipeza mawa.