Hutala imene sanaimve

Muphwa wanga amapalasa kabaza kwathu kwa Kaduya. Nyengo ya nandolo ikafika, pakaliyala pamakhala matumba, ulendo wa ku Migowi. Chaka chatha anagula timahedifoni tolowetsa m'khutu, tija tokhala ndi kamphira kofewa kunsonga, n'kubwera nato pakhonde kudzandionetsa.

"Amalume, tamvani izi."

Kunena zoona ndinasirira. Ng'oma inkagunda ngati ili m'chifuwa mwangamu, ndipo mbuzi imene inkalira pabwalo ndinkangoiona kukamwa kuli yasa, mawu osamveka. Chinsinsi chake n'kamphirako. Kamamata khutu lonse osasiya mpata, ndiye mawu akuluakulu a besi sathawira kunja. Koma khomo likatsekeka silisankha: za m'kati sizituluka, zakunjanso sizilowa.

Tsiku lina m'mawa, lole inali kumbuyo kwake. Amene anaona akuti dalaivala analiza hutala katatu. Mnyamatayo anakhotera pakati pa msewu kuzemba dzenje, mutu ukugwedera ndi nyimbo. Dalaivala anaponda mabuleki, koma bampala inakhudzabe thumba. Njinga m'ngalande, nandolo mbwee pamsewu, mkono wakumanja thyoo. Miyezi iwiri anakhala pakhomo, njinga itatsamira khoma.

Atachira anasintha. Anayamba kuvala tapulasitiki touma tija timene timangokhala pakhomo pa khutu, topanda mphira. Ine ndinati basi wachenjera, chifukwa timeneti timalola hutala ndi moni wa anthu kulowa. Chimene sindinaganizire n'chakuti phokoso la njinga zamoto, chigayo ndi zimkuzamawu za pamsika limalowanso, n'kumiza nyimbo. Ndiye chala chake chinkangokwezabe voliyumu mpaka kumapeto, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda kuwononga makutu. Mawuwo akafika pa 90, maola aja amatsika kufika pa anayi okha. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, timene timatumiza mawu ku ubongo. Phokoso likapha timaseloti, sitimeranso.

Ndinamubwereka mahedifoni anga aakulu, aja ophimba khutu lonse. Amenewa ndi abwino ukakhala pansi kunyumba, chifukwa amatchinga phokoso ndipo sufunika kukweza kwambiri. Anandibwezera tsiku lachitatu. Ndi kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Phalombe, siponji yake inkachita kunyowa ndi thukuta, chitsulo cha pamutu chikumufinya. Sindinamutsutse, ndipo ndinadzidzudzula ndekha, poti panjinga amenewanso akanamugonthetsa ngati oyamba aja. Alipo ena aakulu omwewo koma oboola kunja ngati sefa, opepuka m'makutu, koma nyimbo yako amaimva ndi woyandikana nawe, ndipo pamsika wathu sindinawaonepo.

Sabata yatha tinali pakhonde lomwelo usiku, phiri la Michesi litada bii, mudzi wonse uli zii. Anapendeketsa mutu, n'kulowetsa chala m'khutu lakumanzere.

"Amalume, nkhululu imeneyi inunso mukuimva? Yayamba dzana, sikusiya."

Ndinatchera khutu nthawi yaitali. Kunalibe nkhululu.