Kodi PF ingapeze mavoti kutsidya la mtsinje wa Kafue?

Funso: Ndimagulitsa nsomba pamsika kuno ku Kafue. Alamu anga a ku Mazabuka amati ukangowoloka ulalo wa Kafue, chipani china kupatula UPND chikungotaya mafuta. Kodi akunena zoona?
Wowerenga, Kafue

Yankho: Alamu anuwo ali ndi mfundo. Chikhazikitsireni UPND mu 1998, pansi pa Anderson Mazoka, chigawo cha Kummwera chakhala kwawo kwa chipanichi. Mu 2016, PF ili m'boma, Edgar Lungu wa chipanicho anapeza mavoti 252 okha ku Dundumwezi m'chigawochi, pomwe Hakainde Hichilema wa UPND anapyola 30,000. Mipando ya aphungu kumeneko njovuta kuilanda.

Koma mavoti a pulezidenti amawerengedwa pamodzi dziko lonse, ndipo kuyambira 2016 wopambana ayenera kupyola theka. Choncho voti ya ku Monze, kummwerako, ili ndi phindu ngakhale chipani chagonja m'deralo. Kuthawa chigawo chonse, kwa ine, n'kulakwitsa kwakukulu. UPND yomweyo, imene ankaitcha chipani cha Atonga, inalowa m'boma mu 2021 chifukwa inakatola mavoti ku Copperbelt, ku Lusaka ndi kumpoto.

Kafue wanuyo ali m'chigawo cha Lusaka, ndipo amasinthasintha: mu 2011 anasankha Obvious Mwaliteta wa PF, mu 2016 Mirriam Chonya wa UPND. M'tauni ya mafakitale ngati imeneyi, anthu amafunsa za ntchito ku Nitrogen Chemicals ndi mtengo wa ufa asanafunse mtundu wa munthu.